Odini, Koma Mwachulutsa

Kalekale, nyama zisanaiwale kulankhula, kunagwa chilala. Tcherani khutu inu muli kumbuyoko, chifukwa nthano iyi sindiibwereza.

Chilalacho chinali chamwano. Mitsinje inasanduka misewu ya mchenga. Madambo anang'aluka. Achule anasiya kuimba, pakuti nyimbo imafuna malovu. M'dziko lonselo munatsala kasupe mmodzi yekha, pansi pa thanthwe lalikulu pafupi ndi mlambe. Kasupeyo anali mkati mwa mng'alu wopapatiza, moti Njovu ankalephera kulowetsamo ngakhale nsonga ya chitamba. Wotha kulowamo anali mmodzi basi, mayi Nkhanu.

Nkhanu anali mayi wakhama, wosadziwa kukana. Waludzu ankafika pakhomo la mng'alu n'kunena kuti, "Odi!" Nkhanu ankatuluka n'kuyankha kuti, "Odini!" Kenako ankatsetsereka mpaka pansi, n'kutunga madzi m'chigoba cha nkhono, n'kukwera nawo. Waludzu ankamwa, n'kuthokoza, n'kumapita. Wina ankafika, odi, odini, chigoba, zikomo. Ntchito inkayenda motero.

Koma kasupeyo anali ndi khalidwe lake. Madzi ankatulukira pa kabowo kamene Nkhanu ankakatcha diso, ndipo ankangodontha, tho, tho, tho. Ukatunga modekha, madzi ankadikha n'kudzazanso. Ukatunga mothamanga, matope ankavunduka n'kukakhala pa disolo. Nkhanu ankadziwa kuti matope akadzatseka diso, kasupe adzafa, ndipo dziko lonse lidzamutsatira. Nkhawa yake inali imeneyo, ndipo ankadzuka nayo tsiku ndi tsiku.

Tsono nyama zinali ndi mwambo, womwewu tili nawo ifenso. Munthu akaodira, mwini khomo ayenera kuonekera n'kuyankha, ngakhale atakhala pakati posamba. Wosayankha odi ankatchedwa mfiti, ndipo dzina limenelo silichoka ndi sopo. Nkhanu ankaliopa dzinalo kuposa njala.

Zonse zinali bwino mpaka tsiku limene Fisi anatulukira kuti odi ndi waulere. Ludzu Fisi analibe kwenikweni. Vuto lake linali mawanga. Winawake wopanda chisoni anamunamiza kuti mawanga akewo ndi litsiro chabe, ndipo akawatsuka adzafanana ndi Mkango n'kumapatsidwa mpando pamisonkhano. Fisi anakhulupirira. Wofuna mpando amakhulupirira chilichonse.

M'mawa wina anafika pathanthwe ali ndi chitsononkho cha chimanga m'manja.

"Odi!"

"Odini, a Fisi," anatero Nkhanu, n'kutsika, n'kukwera ndi chigoba.

Fisi sanamwe. Anadzithira kumsana n'kuyamba kukwecha ndi chitsononkho chija, khwe, khwe, khwe.

"Odi!"

"A Fisi, si ndangokupatsani kumene?"

"Munandipatsa a odi woyamba, mayi. Uyu ndi wachiwiri."

Nkhanu anatsika. Asanafike pakati pa njira anamvanso, "Odi!" Miyendo yake inatembenuka yokha, nabwerera kukhomo chigoba chili chouma.

"Odini, a Fisi. Nanga madzi ndikatunga bwanji mukundibweza chonchi?"

"Pepani mayi, ndimangofuna ndidziwe ngati munandimva."

Kumbuyo kwa Fisi kunali mzere wautali wa aludzu enieni. Iwo ataona kuti madzi sakubwera, anaganiza kuti mwina Nkhanu sakudziwa zoti afika. Mbidzi anati, "Odi!" Ngoma anati, "Odi!" Nyani anati, "Odi, odi, odi!" poganiza kuti atatu afulumira kuposa mmodzi. Nkhanu ankatsika masitepe awiri, odi, n'kubwerera. Ankatsika atatu, odi, n'kubwerera. Pamene madzi ankachedwa, m'pamene maodi ankachuluka, ndipo pamene maodi ankachuluka, m'pamene madzi ankachedwa. Musaziseke nyamazi, inu amene tsamba likachedwa kutseguka pafoni mumalidinadina kakhumi ngati kuti chala chanu chili ndi mankhwala. Amene ali kumbali inayo ya netiweki amatopa chimodzimodzi.

Dzuwa linapendeka Nkhanu atayankha maodi osawerengeka, koma atatunga zigoba zisanu zokha, ndipo zinayi anasamba Fisi. Ena amati n'chifukwa chake nkhanu mpaka lero imayenda chammbali, diso lina kukhomo, lina kumadzi. Kuthamangathamanga kuja kunavundula matope, ndipo Nkhanu atayang'ana diso la kasupe anapeza lachita chifunga. Mtima wake unagwa.

Pafupi ndi thanthwelo pankakhala Nungu, mkulu wosalankhula zambiri, amene tsiku lonse ankangoonerera ali pamthunzi. Gulu litabalalika, anasendera pakhomo.

"Achemwali, mufa," anatero Nungu.

"Kufa kwanga si nkhani, achimwene. Diso likutsekeka."

"Ndiye akanizeni."

"Ndikane odi? Mukufuna andinene kuti ndine mfiti?"

Nungu anadzikanda pakhosi mosamala, monga amachitira munthu wa minga. "Mwambo umati chiyani kodi?"

"Umati odi ayankhidwe."

"Eya, odi ayankhidwe. Sunanene kuti odi amwe madzi."

Nkhanu anadabwa. Mawu amenewo anali asanawaganizepo chibadwire.

Nungu anafotokoza nzeru yake. Iye adzakhala pakhomo. M'mawa uliwonse adzapatsa nyama iliyonse minga yake itatu. Wofuna madzi aziodira n'kusiya munga umodzi, ndipo Nkhanu azitsika mosadodoma, osabwerera panjira. Wotha minga yake n'kuodiranso adzayankhidwa ndithu, mwaulemu wonse, koma ndi Nungu, ndipo yankho lake lidzakhala limodzi: "Odini, koma mwachulutsa. Bwerani mawa."

"Mawu amenewo ngoopsa," anatero Nkhanu. "Ine pakamwa panga sadzatuluka."

"Musavutike, achemwali. Ndiziwanena ndine. Ine amandida kale."

M'mawa mwake minga inagawidwa. Njovu itatu, Mbewa itatu, Fisi itatu. Fisi anatha yake yonse dzuwa lisanatenthe, khwe, khwe, khwe, mawanga ali pompo.

"Odi!"

"Odini a Fisi, koma mwachulutsa. Bwerani mawa," anatero Nungu, osadzuka n'komwe.

"Wati chiyani?"

"Mwachulutsa."

Fisi anatukumula chifuwa. "Iwe, kodi ukundidziwa kuti ndine ndani? Ine ndi a Mkango timadya nyama imodzi!"

"Ndikudziwa. Iwo amayamba, inu mumatsiriza."

"Ndiye a Mkango akabwera pano uwauzanso zachipongwe zakozo?"

"Abwera kale. Amwa kamodzi, minga iwiri asunga ya masana ndi madzulo."

Fisi anapsa mtima. Anaima pakhomo n'kuyamba kuwaza maodi ngati nthanga, odi, odi, odi, odi. Nungu ankangoyankha ali chigonere, "Mwachulutsa. Mwachulutsa. Mwachulutsa." Kuyankha kotero sikutopetsa, pakuti sikufuna kutsika kapena kukwera. Pansi paja Nkhanu ankatungira ena modekha. Tsiku limenelo aliyense anamwa, ndipo madzi anali oyera kuti mbee. Nkhanu anasangalala, koma akamva liwu lija la mwachulutsa ankatsinzina ndi manyazi, ngati kuti wamva mwana wake akutukwana mlendo.

Fisi ataona kuti ukali sukugwira, anapita kukafuna chilungamo. Mukudziwa inu kuti wadyera akalephera kuba amayamba kulankhula za chilungamo. Anayenda khomo ndi khomo mpaka nyama zinapanga komiti yoona za madzi. Wapampando anali Njati, bambo wamkulu thupi amene ankagwirizana ndi aliyense wolankhula pomaliza. Nkhanu, mwini ntchito, sanaitanidwe. Anati asamusokoneze, ali kotunga madzi.

Fisi anaima pakati pa bwalo, dzanja pachifuwa.

"Abale anga, mtima ukundiwawa. Kodi ludzu limabwera ndi chiyani?"

"Ndi kuyenda!" zinayankha nyama.

"Nanga timayenda ndi chiyani?"

"Ndi miyendo!"

"Ndiye bwanji Nungu akuwerenga mitu? Mutu umayenda? Ine ndikuti munga umodzi pa mwendo uliwonse!"

A miyendo inayi anawerengera msangamsanga n'kupeza kuti inayi iposa itatu. Anaomba ziboda mpaka fumbi kobo. Mbalame zinang'ung'udza, koma ndani amamvera mbalame pamsonkhano wa ziboda? Njoka anafuna kutsutsa.

"Otsutsa akweze dzanja," anatero Njati.

Njoka anadziyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Lamulo linadutsa.

Kutacha, Fisi anafika pathanthwe atabereka Bongololo kumsana.

"Awa ndi alamu anga," anatero. "Amachita manyazi pagulu, choncho minga yawo ndiziwasungira ndine. Awerengeni miyendo."

Nungu anayamba kuwerenga. Akafika pa makumi atatu, Bongololo ankadzipinda, ndipo ankayambiranso. Akafika pa makumi anayi, Bongololo ankadzipindanso.

"Musadzivute, akulu," anatero Fisi. "Ingozulani yonse, yotsalayo tidzatenga ikamera."

Lamulo ndi lamulo. Nungu anazula, nazula, nazula, mpaka anatsala ngati nkhuku yososola. Fisi anaunjika mulu wa minga pambali pake n'kukhala pansi bwinobwino.

"Odi!" Munga. "Odi!" Munga. "Odi!" Munga.

Odi aliyense anali ndi munga wake, choncho Nungu sakanatha kunena kanthu. Nkhanu ankatsika, ankakwera, ankatsika, ankakwera. Madzi oyera anasanduka otuwa. Otuwa anasanduka ofiira. Ofiira anasanduka phala la matope.

"A Fisi, chonde, kasupe apumeko," anadandaula Nkhanu. "Taonani, awa si madzinso."

Fisi anadzipaka matopewo n'kudziyang'ana m'nthiti. Matope anali ataphimba mawanga onse.

"Akuchoka! Mayi, akuchoka! Onjezani omwewo! Odi!"

Dzuwa litapendeka, Nkhanu anatsika n'kuima pansi paja. Anatchera khutu. Kunalibe tho, kunalibe tho. Diso linali litatsekeka.

Anataya chigoba n'kuyamba kukumba ndi zala zake. Anakumba tsiku lathunthu, nakumba lachiwiri. Chala chake chimodzi chinathyoka, koma sanaleke. Panja nyama zinagona m'mithunzi malilime ali panja. Njoka, amene pa lamulo la miyendo sanalandire ngakhale munga umodzi, anauma ngati luzi. Ndipo Bongololo, mwini miyendo yonse ija, sanalaweko ngakhale dontho, pakuti mlamu wake anamutaya pathengo ntchito itatha.

Tsiku lachitatu Nkhanu anamva kamawu kakang'ono, tho. Anadikira, mtima uli m'mwamba. Tho. Analira misozi mayi uja. Koma ataliyang'anitsitsa disolo anaona kuti latsala theka, ndipo anadziwa kuti likadzatsekekanso kachiwiri silidzatseguka.

Komiti inakumananso. Zodabwitsa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankakumbukira kuti anaombera ziboda lamulo la miyendo. Aliyense anati iye analikayikira kuyambira pachiyambi. Nungu anabweretsa uthenga wa Nkhanu, wa mawu ochepa: miyendo simwa madzi, chimamwa ndi pakamwa. Popeza Nungu ndiye analankhula pomaliza, Njati anagwirizana naye. Lamulo latsopano linati pakamwa pamodzi, minga itatu.

Mukuganiza kuti Fisi anachita manyazi? Matope atauma n'kugwa, mawanga anatulukanso onse, ndipo iye anati vuto linali loti madzi anachepa. Anakhala pachulu n'kumanena yekha, "Pakamwa pamodzi, minga itatu. Pakamwa pamodzi, minga itatu." Kenako anayang'ana pansi n'kuona mzere wa linthumbu ukudutsa. Anaseka mpaka anagwa chagada.

Anakambirana ndi kapitawo wa linthumbu. Ntchito inali yosavuta: mawa onse abwere pathanthwe, aliyense aodire payekha, madzi azipatsa Fisi. Dzuwa likafika paliwombo, Fisi adzawadyetsa nyama yambiri. Nyamayo Fisi analibe, koma lonjezo nalonso ndi laulere.

M'mawa Fisi anatha minga yake itatu mwachizolowezi, n'kukakhala pamwamba pa mwala. Posakhalitsa nthaka inada bii. Linthumbu linabwera kuchokera kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kummwera, likuimba:

Odi, odi, pakhomo pano,
Tabwera tonse ndi a kwathu omwe!
Odi, odi, yankhani msanga,
Aliyense wake, aliyense wake!

Linadzaza pakhomo, linadzaza njira, linadzaza mpaka patsinde pa mlambe. Nyama zina zinathawira kutali, pakuti palibe amene amaponda linthumbu dala.

"Akulu a Nungu," anafuula Fisi ali pamwala, "lamulo likuti pakamwa pamodzi, minga itatu. Awerengeni pakamwa!"

Nungu anayang'ana kamulu ka minga kamene anali nako. Yatsopano inali isanamere. Akanati agawire linthumbu, sikanakwana ngakhale mzere woyamba, ndipo ena onse akanagona ndi ludzu. Kunena kuti mwachulutsa sakanatha, pakuti kalinthumbu kalikonse kanaodira kamodzi kokha. Anayamba kungoyankha, "Odini, odini, odini," mofulumira monga akanathera. Akayankha khumi, zikwi zinkaodira. Mawu ake anasasa, kenako anatheratu. Anatsala akungotsegula pakamwa popanda chotuluka.

Pansi paja Nkhanu anamva maodi akugwa ngati matalala, opanda woyankha. Odi wosayankhidwa pakhomo pake! Miyendo yake inayamba khalidwe lake lakale, uku kukhomo, uku kumadzi, uku kukhomo, ndipo matope anayamba kuvunduka. Ataona chifunga chikuyandikira diso, anadzigwira. Anaima nji, n'kudikira kuti madzi adikhe. Kenako anakwera pang'onopang'ono, popanda chigoba.

Atatulukira pakhomo anaona nyanja ya linthumbu. Kuseri kwake, kutali, anaona Gwape, mayi amene anabereka masiku a kutsekeka kwa kasupe aja. Kamwana kake kanali katagona pamchenga, kosatha kuimirira. Gwape anali ataluma munga wake, akuyesa kuodira, koma mawu ake sankafika. Nkhanu anamva mkwiyo umene anali asanaumvepo.

"Kapitawo wanu ndani?" anafunsa.

Kalinthumbu ka mutu waukulu kanatuluka kutsogolo. "Ndine, mayi. Odi."

"Ndamva, bambo. Tandiuzani, madzi ndikatunga, mumwa ndinu?"

"Ife? Ayi mayi. M'chigoba chanucho tikhoza kumira. Ife madzi timawapeza m'nyama imene tadya."

"Nanga ludzu limene mukuodirali ndi la yani?"

Linthumbu ndi laukali, koma silinama. "Ndi la a Fisi, mayi."

"Nonsenu?"

"Tonse, mayi. Ndi a kwathu omwe."

Nkhanu anakwera pamwamba pa khomo kuti onse amuone. "Ndiye mverani. Pakamwa mulipo ambiri, koma ludzu ndi limodzi. Ludzu limodzi, odi mmodzi. Ndikuyankhani nonse kamodzi, ndipo mwambo ukhala wakwanira. Odini!"

Nyimbo ija inazima. Linthumbu linayang'anana.

"Nanga madziwo, mayi?" anafunsa kapitawo.

"Mwini ludzu watha minga yake m'mawa. Mufunseni."

Fisi anadumphadumpha pamwala. "Zimenezo si za m'lamulo! Komiti sinakambirane! Ndikadandaula kwa wapampando!"

Koma kapitawo sankamveranso za komiti. Anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali paliwombo.

"A Fisi, taodira monga munanenera. Nthawi yakwana. Nyama ili kuti?"

"Ikubwera, ikubwera. Dikirani pang'ono."

"Ife tidikire? Dzulo munatiuza nokha kuti kudikira n'kwa opusa."

"Ndiye bwerani mawa!"

"Mawa n'kutali," anatero kapitawo. "Ndipo nyama tikuiona."

Fisi anayang'ana kumanzere, nayang'ana kumanja, kufunafuna nyama imene ankanenayo. Anaizindikira mochedwa. Linthumbu linakwera mwala mbali zonse. Linalowa m'makutu, m'mphuno, m'khwapa, ndi malo ena amene sinditchula chifukwa pano pali apongozi. Fisi anakuwa, nagwa pamwala, nathamanga kulowera kudambo louma, gulu lonse lili pambuyo ndi pathupi pake.

Njira itatseguka, Gwape anafika akudzandira n'kusiya munga wake. Odi wake anali wa mpweya wokha, koma Nkhanu anaumva. Anatsika modekha, anatunga modekha, anakwera modekha. Gwape anamwa, nasiya munga wachiwiri, namwanso. Patapita kanthawi mkaka unatsika, kamwana kanayamwa, kenako kanaimirira pa timiyendo take tonjenjemera. Ena onse anabwera mmodzimmodzi, aliyense ndi munga wake, ndipo pakhomo panali bata.

Dzuwa litapendeka, anaona chinthu chikukwawa kuchokera kudambo. Anali Fisi. Anali atagubuduka mumchenga wotentha masana onse kuti linthumbu limusiye. Thupi linali lotupa, maso ofiira, lilime lolendewera ngati chigamba. Chitsononkho chija anali atachitaya kalekale. Kwa nthawi yoyamba chiyambire chilala, Fisi anali ndi ludzu lenileni.

Anafika pakhomo n'kugwada.

"Odi," anatero, ndi kamawu kakang'ono ngati ka mwanapiye.

Nkhanu anayang'ana kwa Nungu. Nungu analoza pakhosi pake n'kupukusa mutu. Mawu anali asanabwerere. Woyankha panalibe wina koma mwini khomo.

Nkhanu anali ndi chigoba chodzaza m'manja, chimene anatungira Mbidzi amene ankadikira ndi munga wake. Anamuyang'ana Fisi, ndipo chisoni chinamugwira, pakuti ludzu amalidziwa maonekedwe ake, ndipo ili silinali lonamizira. Chigoba chimodzi chokha, anaganiza, chingaphe kasupe? Dzanja lake linayamba kusendera kutsogolo.

Nungu anamukoka mwendo n'kunong'ona ndi mpweya wotsala, "Achemwali, chifundo chinapha nkhwali."

Nkhanu anayang'ana mzere wa nyama. Maso a zonsezo anali pa chigobacho. Anadziwa kuti akapereka lero popanda munga, mawa Nyani adzabwera akutsimphina, mkuja Njati adzabwera akukomoka, ndipo pakutha pa sabata dziko lonse lidzakhala la odwala oodira. Anakumbukira theka la diso limene linatsala. Anabweza dzanja.

"Odini, a Fisi," anatero. Kenako ananena momveka kuti onse amve. "Koma mwachulutsa. Bwerani mawa."

"Mayi, lero ndi lenileni," analira Fisi.

"Ndikuona, bambo, ndipo zikundiwawa. Minga yanu inali itatu, ya ludzu ngati limeneli. Munasambira."

Anapereka chigoba kwa Mbidzi. Palibe amene anatchula za ufiti. Fisi anakwawira kumthunzi wa mlambe n'kugona pamenepo, akumvera ena akumeza madzi mmodzimmodzi. Nkhanu anatsikira pansi kuti asamuone, ndipo ali komweko anamva diso la kasupe likudontha bwinobwino, madzi ali oyera. Analira pang'ono chifukwa cha Fisi, kenako anatunga chigoba china, pakuti panja panali wina wodikira ndi munga wake. Kasupeyo sanatsekekenso mpaka mvula inagwa.

Tsono mverani phunziro lake, musati sindinakuuzeni. Wopempha mosalekeza amadzitsekera yekha khomo, ndipo tsiku limene adzafunedi thandizo adzapeza mwayi wake anaumaliza pa zopanda pake. Nayenso wotumikira anthu aphunzire kunena kuti dikirani, chifukwa woyankha aliyense nthawi iliyonse amathera posathandiza aliyense. Kaya ndi pachitsime, kaya ndi pa makina aja amakuyankhani pa intaneti, mukauzidwa kuti mwachulutsa, musatukwane. Alipo wina kumbuyo kwanu amene mawu ake sakumveka.

Yanga yaphwera pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione msanga, ine ndamva kale fungo la kupserera.